Kakompyuta Kadwala Malungo M'tchalitchi

Lolemba
Wakiyibodi wasamukira ku Lilongwe, kwaya ya amayi yatsala yopanda zoimbira. Ine ndi pakamwa pangapa: "Musadandaule, Lamulungu muimba ndi kakompyuta kanga." Kabolodi kosadzaza n'chikhatho chomwe. Ndalonjeza kwa a Nabanda, mtsogoleri wa kwaya, mayi ake a Chisomo amene ndikufuna kumukwatira. Zikakanika, ulemu wanga wathera pomwepo.

Lachiwiri
Ndikulumikiza kabowo ka mahedifoni ku ampu yokuzira mawu ya tchalitchi. Nyimbo ikumveka, koma pansi pake pakulira njuchi. A Nabanda: "Njuchizo nazonso zalowa kwaya?"

Lachitatu
Bowo la HDMI likutulutsa mawu oyera, koma likufuna TV. Ampu yathu bowo limenelo silidziwa. TV ya aneba ndiye ayi, akuti Lamulungu kuli mpira.

Lachinayi
Mnzanga wa ku Mponela wandibwereka kabolodi ka mawu kokhazika pamwamba. Kakufuna mapini onse a pa kakompyuta, pomwe ena ndinalumikizapo kale kafani koziziritsa. Malo ndi amodzi. Ndisankhe: mawu kapena mphepo.

Lachisanu
Kafani ndachotsa. Njuchi zathawa, mawu ali mbee! Bola kakompyuta kakhale pamtunda, kazipitidwa mphepo. Ndikuyenda ngati injiniya.

Loweruka
Pokonzekera, a Nabanda akayang'ana kabolodi mapini ali pamtetete. "Kangakhale maliseche chonchi kutsogolo kwa abusa?" Atulutsa kansalu koluka, kamene amavundikira wailesi yawo. Ndikudziwa kuti kakompyuta katentha. Koma mkamwini wa mawa angatsutse bwanji? Ndangoti, "Zakhala bwino, amayi."

Lamulungu
Dzuwa la Okutobala, malata akuchita kuthetheka. Ndime yoyamba yadutsa. Yachiwiri kakompyuta kayamba chibwibwi, mawu akunjenjemera. A Nabanda akupisa dzanja pansi pa kansalu, akundinong'oneza: "Katentha thupi, kakunjenjemeranso. Malungo awa." Akukafunditsa chitenje chawo pamwamba. Kangoti zii.

Amayi a kwaya amaliza nyimbo ndi m'manja, mpingo wonse waimirira. Manyazi andigwira, Chisomo akuseka kuseri kwa buku la nyimbo.

Potuluka a Nabanda andiyitanira kunyumba, koyamba chiyambire. Akuti ndine mwana wosamala zinthu, vuto ndi thupi lofooka la kamakinako. Ayamba kale kukalukira kajuzi ka ulusi wochindikala.

Ndavomera. Ndasankha wobiriwira.