Nkhondo ya Mzati Wopendama

M'masiku amene mafoni anamera maso, pamene munthu sankadyanso nkhanu asanaijambule, chaka chachitatu chipitireni namondwe amene anasasula denga la tchalitchi, pa chilumba chathu chino cha kummwera kwa Louisiana panabuka nkhondo imene akuluakulu sanaionepo chibadwire. Ine Elodie Cheramie, mkazi wa malemu Alcide, ndinaiona ndi maso angawa nditakhala pakhonde. Sukulu sindinaipondeko, zilembo kwa ine ndi nyerere zoyenda pamzere, koma mitambo ndimaiwerenga, ndipo palibe tsoka limene linagwapo pachilumba pano ine ndisanalinene.

Ngwazi za nkhondoyi zinali ziwiri, adzukulu anga, ana a mimba imodzi amene ndinalera ndekha. Wamkulu ndi Clovis, Ng'ona ya M'madambo, Wopalasa Osacheuka, iye amene nsomba inamukokapo mtunda wa mamailosi awiri koma chipewa osagwetsa. Wamng'ono ndi Numa, Mphezi ya M'bandakucha, Mwini Ndodo Zowedzera Zisanu ndi Ziwiri, amene foni yake imagona m'kathumba kosalowa madzi ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Amuna aakuluakulu, andevu, a ana awo, koma anasiya boti la injini la agogo awo n'kukagula timabwato tapulasitiki tija amati kayaki, topapatiza, tokwana munthu mmodzi atatambalala. Ndinawauza tsiku lomwelo kuti, "Mwagula mabokosi a maliro anu mudakali moyo." Anangoseka.

Agogo awo Alcide, ali pafupi kutsirizika, sanawasiyire munda kapena ng'ombe. Anawasiyira malo owedza. Ku nyanja ya Caminada, kuseri kwa dambo, kuli mzati umodzi wopendama, wotsala pa kanyumba kamene mphepo inanyamula kalekale, ndipo pamenepo pamadutsa nsomba zofiira zija za dontho lakuda kumchira, zotalika kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu. Anawalumbiritsa kuti malowo asadzawatchule ngakhale kwa wansembe poulula machimo. Lamulo la asodzi nalonso mukulidziwa: ukamajambulitsa ndi nsomba, kumbuyo kwako kuzioneka thambo lokha.

Tsono Loweruka lina la mwezi wa Ogasiti, Numa anakola chinsomba chimene chinamuzungulitsa mzatiwo katatu, ndipo atachigonjetsa anachikumbatira, nadzijambula, natumiza chithunzicho kudziko lonse lapansi. Loweruka lotsatira, Clovis atafika pamzati dzuwa lisanatuluke, anapeza makayaki makumi anayi: achikasu, obiriwira, ofiira, wina atatsegula wailesi, wina atakweza galu.

Lamulungu pachakudya chamasana, gambo, msuzi wathu uja wa nkhanu ndi therere, ili pathebulo, mpunga usanagawidwe n'komwe, Ng'ona ya M'madambo inaimirira foni ili m'manja.

"Tamverani, inu nonse a mtundu wa Cheramie, amoyo ndi ogona kumanda!" anatero Clovis. "Chimene agogo athu anabisa zaka makumi asanu, kubisira boma, kubisira alamu awo, kubisira ngakhale mphaka wapakhomo, mnyamata uyu wachigulitsa kuti akazi a ku Texas amuyamikire mano!"

Anatambasula chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka nkhope ya Numa inasanduka phala, naloza kadontho kakang'ono ngati njere ya mpunga pamwamba pa khutu.

"Ichi n'chiyani?"

"Imeneyo ndi mbalame, achimwene," anayankha Numa akutafuna buledi.

"Mbalame yopendama?"

"Vuwo akamakhota amapendama. Mufuna aziuluka ngati msilikali?"

"Iwe Numa, unabadwa ndi pakamwa pamodzi, sipanakukwane, ndiye wakagula pena poika m'thumba."

"Nanga inu? Chigalimoto chanu chofiira chija mumachiimika pamlatho ngati mbendera. Ngakhale munthu wa mumzinda wa Baton Rouge, wosadziwa mutu ndi mchira wa nsomba, akhoza kukutsatirani."

Ine ndinati, "Musalozane ndi mafoloko, mubowolana maso, chipatala chili kutali." Palibe anandimva. Anatuluka makomo awiri osiyana, ndipo gambo ndinaidya ndekha mpaka Lachinayi.

Pamenepo nkhondo inayaka. Anagawana chuma cha Alcide ngati mafumu ogawana dziko: Clovis anatenga bokosi losungira nsomba mu ayezi, Numa anatenga chivundikiro chake, ndipo kuyambira tsiku limenelo nsomba za onse awiri zinkanunkha. Akazi awo anasiya kupatsana moni m'sitolo. Kutchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, Clovis ankagwada n'kuyamba kumanga nsapato.

Nkhondo yaikulu ya pamadzi ndinaionera pakhonde ndi magalasi oonera patali a malemu, pakuti nyumba yanga ili pansanamira zazitali ndipo dambo lonse ndimaliona. Ngwazi ziwirizo zinakumana pamzati pakati pa khamu lija, zingwe zawo zinapiringizana, nkhafi zinakwezedwa kumwamba ngati mikondo, madzi anathovoka, ndipo chipewa cha Clovis chimene sichinagwepo pamaso pa nsomba iliyonse chinagwa tsiku limenelo n'kutengedwa ndi galu uja. Ine mtima uli m'mwamba, ndinayamba kuwerenga amene adzakhale mboni pamaliro. Wa kayaki yachikasu anali mwana wa Ozemie. Wa wailesi anali mkamwini wa Philomene. Atatu obiriwira aja anali adzukulu a Azema. Ndinayendetsa magalasi mmodzimmodzi, ndipo thukuta linanditsika kumsana, chifukwa aliyense pamadzipo anali mwana, mdzukulu kapena mkamwini wa amayi amene timapemphera nawo korona Lachitatu.

Ndinakumbuka. Lachitatu lija, Numa atangokokedwa ndi chinsomba chake, ine ndinaimirira titatha mapemphero n'kuwachenjeza anzangawo monga mwa ntchito yanga. Ndinati, "Amayi, ana anu asadzayerekeze kupita kumzati wopendama, kuseri kwa dambo, ukadutsa mlatho n'kukhotera kumanzere, makamaka madzi akayamba kuphwa, chifukwa nsomba zakumeneko n'zazikulu moti zimakoka bwato ndi munthu yemwe." Njirayo ndinaibwereza kawiri kuti adziwe bwino poipewa. Ndinachenjezanso wa positi, ndi mtsikana wogulitsa nyambo.

Ndinabisa magalasi m'kabati, ndipo ndinakhala chete milungu itatu. Munthu wazaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri, wotsala ndi adzukulu awiri okha, saulula msanga.

Kenako wailesi inalengeza kuti namondwe walowa m'nyanja yaikulu ndipo akhoza kutipeza m'masiku atatu. Nyumba yanga ili ndi mawindo asanu ndi atatu, onse m'mwamba, ndipo matabwa otsekera mawindowo ndi olemera: amafuna amuna awiri, wina pamakwerero, wina pansi kugwira ndi kupatsira. Popanda matabwawo mphepo ikalowa pawindo imatulukira padenga, ndipo nyumba imene Alcide anamanga ndi manja ake ikanasanduka mzati wopendama wachiwiri.

Clovis anabwera m'mawa, nayang'ana matabwa, nati, "Agogo, ine moyo wanga sindingauike pamakwerero ogwiridwa ndi munthu woulula zinsinsi." Anapita. Numa anabwera masana, nati, "Ndiwagwirira, koma ayambe apepesa kwa vuwo uja." Anapitanso. Tsiku loyamba linatha choncho, lachiwiri chimodzimodzi, mitambo ikuthamanga ngati yaitanidwa, mbalame zonse zitathawira kumtunda.

M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawaimbira foni mmodzimmodzi, ndinati, "Usavutike mwanangu, ndikhoma ndekha." Magalimoto awiri anafika pamodzi, fumbi koboo, nandipeza nditaima pa sitepe yachitatu ya makwerero, hamala m'manja, misomali m'thumba la epuloni.

"Agogo, tsikani!" anakuwa onse awiri.

"Musandikhudze!" ndinatero. "Imani pomwepo, inu ngwazi za pulasitiki, mumve mawu a mkazi amene anakusambitsani! Amene anaulula mzati wa Alcide si foni, si galimoto yofiira. Ndine. Ndinachenjeza amayi a korona kuti ana awo asapiteko."

Adzukulu anga anayang'anizana.

"Munawauza kuti chiyani kwenikweni?" anafunsa Clovis motsitsa mawu.

Ndinabwereza zonse, mlatho, kumanzere, dambo.

"Za madzi akamaphwa munanenanso?" anatero Numa.

"Ndi nyambo yomwe. Ndinati asadzayese kuika nkhanu yothyola pakati pa mbedza, ndi imene imaitana zilombozo."

Clovis anakhala pansi pa udzu, nagwira kumutu pamene kale pankakhala chipewa. Kenako anayang'ana mng'ono wake.

"Mwina inalidi mbalame," anatero.

"Unali mzati, achimwene. Ndinauona nditatumiza kale."

"Ndimadziwa, galu iwe. Gwira makwerero. Agogo, tsikani pang'onopang'ono, ndipatseni hamalayo."

Pofika masana mawindo onse asanu ndi atatu anali atatsekedwa, Clovis ali m'mwamba akutukwana, Numa ali pansi akuyankha, makwerero osasuntha ngakhale pang'ono. Ndipo namondwe uja, atamva kuti mtundu wa Cheramie wagwirizananso, anachita mantha nakhotera kwina, natisiyira mvula yosakwana kutsuka galimoto.

Chikondwerero cha mtendere chinachitika Lamulungu masana m'nyumba yamdima bii, chifukwa ndinakana kuti matabwa achotsedwe mpaka Novembala; namondwe amatha kuiwala chinthu n'kubwerera. Tinayatsa makandulo. Clovis analowa atanyamula bokosi la ayezi, Numa analowa ndi chivundikiro, akazi awo akululutira, ndipo ziwirizo zinalumikizidwa pathebulo ngati mkwati ndi mkwatibwi. Aliyense anadya gambo atavala jekete yoyandamitsa, chifukwa limenelo ndilo linali lamulo langa m'pangano la mtendere, kuti azolowere kuivala pamadzi.

Iwo nawonso anali ndi lawo. Clovis anaimirira, jekete itamufinya pakhosi, nati, "Lachitatu likudzali, agogo akachenjeze amayi a korona za kuseri kwa thanki yamadzi."

Kumeneko kuli matope okhaokha ndi udzudzu.

"Ine bodza sindinena," ndinatero.

"Simunena bodza, agogo," anatero Numa. "Mungoti n'koopsa, asapiteko."

Ndinaganiza. Kuli matope omiza mpaka m'mawondo, kuli zigoba zocheka mapazi, udzudzu wake ndi waukulu ngati mpheta. N'koopsadi. Lachitatu ndinaimirira n'kuchenjeza ndi mtima wanga wonse, mpaka misozi, ndipo Loweruka lotsatira ndinaona pamagalasi makayaki makumi anayi atatitimira m'matope kuseri kwa thanki, galu akuuwa, wailesi ikulira, pamene kutali uko timabwato tiwiri tokha tinali pamzati, tikukokedwa ndi nsomba uku ndi uku.

Umu ndi mmene inathera nkhondo, nyumba ya Alcide ikadali chiimire. Koma inu amene mwamva nkhaniyi, ndikupemphani m'dzina la Amayi Maria, musatengeke ndi anyamata opanda nzeruwa. Kumzati kuja musadzapiteko. Mukadutsa mlatho musakhotere kumanzere, makamaka madzi akayamba kuphwa.