Fumbi la apongozi

Lolemba
Kalabu yathu ili ndi magalimoto asanu: atatu akale, awiri atsopano. Anaiyambitsa ndi malemu amuna anga. Chaka chilichonse pamakhala mpikisano wochokera pa boma mpaka pa chipata cha Thazima, cholowera kupaki ya nyama zakutchire. Onse amanyamuka pamodzi, atsopano n'kuthawa osaonekanso. A Gondwe, mkulu wa mpingo, eni galimoto imene timaitcha Nyamakazi, akuti akatsaliranso chaka chino aisandutsa khola la nkhuku. Akachoka iwo, anzawo awiri awatsatira, kalabu ya malemu n'kuthera pomwepo. Komiti yapempha ine, mphunzitsi wa masamu wopuma, kuti ndilinganize mpikisano wa Loweruka. Ndasongola mapensulo atatu.

Lachiwiri
Njira yoyamba: katundu. Yatsopano inyamule matumba a chimanga kuti ilemedwe. A Mhango a kuchipatala, eni galimoto imodzi yatsopano, amene anakwatira mwana wa a Gondwe chaka chatha, awagwera matumba asanu ndi awiri. Avomera mwaulemu: "Yewo, amama."
Koma mbiri yafala kuti magalimoto akunyamula katundu mwaulere. Pakhonde panga tsopano pali:
matumba 19
mbuzi 2
bedi 1
mayi mmodzi wopita kwa mwana wake ku Chelinda, amene akuti ndimuwerenge ngati matumba awiri.
Njira yoyamba yafa.

Lachitatu
Njira yachiwiri: akale atsogole, atsopano adikire. Ndikwera Nyamakazi, wotchi ya malemu m'manja, kuti ndidziwe liwiro lake. Mailo yoyamba: mphindi zinayi. Yachiwiri: khumi ndi imodzi, tikuthira madzi. Yachitatu: a Gondwe aima kukazonda wodwala, ndi pemphero lomwe. Pemphero ndiliike pati m'masamu?

Lachinayi
Wapampando wa chipani m'dera lathu abwera kudzaona makhadi achipani a oyendetsa. Asanu, onse alipo. Akufuna kukwera galimoto yopambana. Ndiwafotokozera kuti masamu anga akuti onse akafika pamodzi.
"Basi, ndikwera yakutsogolo."
Ndi munthu wathupi. Ndiyambiranso kuwerengera. Pensulo imodzi yatha.

Lachisanu
Zatheka! Nyamakazi inyamuka poyamba, akale enawo pambuyo pake, atsopano patapita mphindi makumi asanu. Onse akakumana pa chitunda chomaliza, ndipo waluso ndiye akapambane. Ndabwereza kawiri, palibe cholakwika.
Mkazi wa a Mhango wandipeza pa msika. "Amama, ndiye kuti adada akhala kutsogolo, amuna anga kumbuyo?" Ndati inde. Wandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundigulira tomato. Sindikuona vuto.

Loweruka
Ndafika pa Thazima m'mamawa ndi lole ya anthu a kupaki. Ndaima pachipata ndi wotchi.
Akumanadi pa chitunda chija, monga ndinawerengera. Kenako palibe wodutsa mnzake. Akubwera pamzere, pang'onopang'ono, ngati akuperekeza maliro. Pafupi ndi chipata Nyamakazi yazima. Enawo aima, atsika, aikankha mpaka italowa, wapampando ali m'kati akubayibitsa.
Ndifunsa a Mhango chimene chawavuta.
"Amama, ine ndiwathire fumbi apongozi anga? Ndi a tcheyamani momwemo? Ndikagona kuti?"
Wa galimoto ina yatsopano akuti patsogolo pake panali aphunzitsi amene anamuphunzitsa Sitandade 1.
Fumbi sindinaliwerengere.

Lamulungu
Zotsatira: woyamba a Gondwe, achiwiri ndi achitatu akale aja, kenako a Mhango ndi mnzawo. Ndi mmene amakhalira pa mabenchi m'tchalitchi. Izi akanazilemba wina aliyense wopanda wotchi.
A Gondwe ayamika m'pemphero, mphindi khumi ndi zinayi. Nkhuku zawo zikhalabe kumene zili. Kalabu ilipo.
Potuluka a Mhango andinong'oneza: "Tawonga chomene, amama. Koma chaka cha mawa atsopano titsogole ndife, apo ayi tikuchoka."
Pensulo yatsala imodzi. Bedi lija likadali pakhonde.