Tsiku Limene Mlonda Anapitirira Galimoto Wapansi

Pulani yonse inabadwira pa tebulo lopendekeka la m'bala, pakati pa mabotolo opanda kanthu, ndipo mzamba wake anali Dilu. Dzinali anampatsa chifukwa sankatha kupereka moni osawonjezera kuti "pali dilu". Madzulo amenewo anasonkhanitsa mitu ya anzake awiri, Sipanala ndi Gwedegwede, n'kuyamba kunong'ona mokweza moti ife a tebulo linalo tinamva zonse.

"Amwene, chuma chili kunsi kwa galimoto. Katalitiki! Kachitini kaja kali pa paipi ya ekizozi, kosefa utsi. Mkati mwake muli ngati chisa cha njuchi, ndipo chisacho anachipaka zitsulo zodula ngati golide. Pali biggie wina amagula osafunsa mafunso."

"Nanga tikazipeza kuti?" anafunsa Gwedegwede, munthu wonjenjemera ngakhale galu angoyasamula.

"Kwa mwini sitolo ya matayala, kumtunda kuja. Magalimoto ali phee mumpanda, eni ake Lamlungu amakhala ku famu. Tikalowa dzuwa likuswa mtengo titavala maovolosi, ngati amakaniko. Kuba usiku n'kwachikale, aise."

"Nanga galimoto yothawira?" anafunsa Sipanala.

Apa Dilu anatsokomola kaye. Galimoto kunyumba kwake inalipo, koma inali ya mkazi wake, mayi wogulitsa mazira, amene anaigula atasenza mathileyi pamutu mpaka tsitsi lapakati kutha. Mayiwo anali atanena kamodzi kokha, mosakweza mawu: "Bambo a mwana, m'nyumba muno sewerani ndi chilichonse. Koma tsiku limene mudzalowetse galimoto yanga m'madilu anu, chikwama chanu chidzakupezani komwe muliko." Dilu mawu amenewo ankawaopa kuposa polisi, chifukwa mkazi wakeyo ankamukonda, komanso kwina kogona analibe. Mwayi wake, kapena tsoka lake, mayiwo anali atakwera basi kukazonda mchemwali wawo, makiyi n'kusiya m'kabati.

"Koma kagalimoto ka alamu n'kaulesi," anatero Sipanala. "Kamayenda ngati kakuopa kuswa mazira. Ndisiyireni ndikachune injini kuti kazithamanga."

Sipanala umakaniko anauphunzira pa mavidiyo a pafoni. Ku galaja kumene anagwirako ntchito sanapitirire pa tsache.

Tsono mverani, inu amene simunasuzumirepo m'boneti. Injini imafuna muyeso wake: mpweya magawo pafupifupi khumi ndi asanu, petulo gawo limodzi. Ukachulutsa petulo, wina satha kupsa m'injini, amatsika ndi utsi n'kukapsera mu katalitiki, chisa chija n'kusungunuka, n'kutseka njira. Sipanala muyeso umenewu anaumva pa vidiyo, koma anaugamula yekha kuti ndi kuumira chabe kwa opanga magalimoto.

"Galimoto ili ngati munthu," anatero Loweruka m'mawa, atalumikiza laputopu yobwereka pansi pa chiwongolero. "Mpweya sukhutitsa. Kodi inu munathamangapo mutadya mpweya?"

Anawonjezera petulo mpaka pomwe manambala anathera. Kenako anakwawira kunsi n'kuzula waya wa kachipangizo kamene kamanunkhiza utsi n'kuuza kompyuta ya galimoto ngati muyeso wasokonekera. Akuti kameneko n'kakazitape.

Ataliza, kagalimoto kanabangula, kumbuyo kukuphulika phu! phu! utsi wakuda uli tolo.

"Mwamva? Mkango!"

Kagetsi kachikasu kanayaka pa dashibodi. Sipanala anakamata ndi tepi yakuda, vuto n'kutha. Tsiku lonse anazungulira nayo akuti akuiyesa, ndipo pofika madzulo munayamba kumveka fungo la mazira owola.

"Mani, chikununkhachi n'chiyani?" anafunsa Gwedegwede atatsina mphuno.

"Galimoto ya mazira ukufuna inunkhe pafyumu?" anayankha Dilu. Onse anaseka. Katalitiki inali ikulira kunsiko, iwo akunamizira nkhuku.

Lamlungu masana anafika. Galimoto anaibisa kuseri kwa mpanda, m'maudzu ouma ofika m'chiuno, ndipo injini anaisiya ikulira chifukwa chichunireni inkavuta kudzuka. Gwedegwede anamusiya momwemo kuti azipondaponda mafuta isazime.

Pageti panali mlonda, mdala wotsimphina mwendo wamanzere, ali ndi kawayilesi m'manja.

"Madala, atituma abwana," anatero Dilu. " Tidzaone maekizozi."

"Lowani, ana anga, lowani. Lamlungu lomwe kugwira ntchito? Mulungu akudalitseni."

Anawabwereka ndi katoni yoti agonepo kunsi kwa galimoto. Sowo ya Sipanala itathyoka, mdalayo anakawatengera ina m'sitolo ya bwana wake. Dilu anatsinzinira mnzake diso: dilu yofewa chonchi sanaionepo chibadwire. Anadula katalitiki yoyamba, yachiwiri, yachitatu, n'kuziponya m'thumba.

Koma mdala uja anali munthu waulemu. Zinamuwawa kuti alendo akugwira ntchito kukhosi kuli gwa, ndiye anapita pakona n'kuimba foni.

"Abwana, pepani kukusokonezani. Amakaniko anu aja ndiwapangire tiyi wamkaka kapena wopanda?"

Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka kukuwa. Katalitiki ya mayi a mazira inali itafiira ngati khala, udzu wouma n'kuilandira ndi manja awiri. Gwedegwede analowa pageti akuthamanga, nsidze zitawauka.

"Moto! Dilu, moto! Galimoto ya alamu!"

Mawu akuti "alamu" ndi amene anamudzutsa Dilu. Anatulukira kunsi kwa galimoto ya eni ngati mbewa yothiridwa madzi, thumba kumsana, n'kudumphira pa chiwongolero malawi akunyambita matayala. Anaitulutsa m'maudzu, anzake n'kudziponya mkati. Anthu oyandikana nawo anali atatuluka kale ndi zidebe, ena akuzima moto, ena akungoonerera.

"Ponda, Dilu! Ponda!"

Anaponda mpaka phazi kugunda pansi. Mkango uja unangoti fwiii, ngati munthu wofuna kuyetsemula atamutseka pakamwa. Chisa chinali chitasungunuka n'kuuma ngati mwala, utsi kusowa potulukira. Galimoto inkayenda ndithu, sindinama, koma nkhuku ina inadutsa kutsogolo kwake, n'kubwerera, n'kudutsanso.

Pawindo panamveka kugogoda. Anali mdala uja, akutsimphina pambali pawo mosapupuluma, kawayilesi kali m'manja.

"Ana anga, abwana akuti musachoke. Akubwera ndi anzawo."

"Sipanala, chita kanthu!"

"Ikufuna petulo wina," anatero katswiriyo, akutsegula laputopu.

Mdala anawapitirira, n'kukaima kutsogolo pamthunzi kuwadikira. Atamupeza anayambanso kuyenda nawo. Pa kachitunda kakang'ono injini inatsokomola komaliza n'kuzima.

"Tithawe wapansi!" analira Gwedegwede.

"Ndisiye galimoto ya madamu pano? Kankhani, agalu inu!"

Ndiye anzawo a abwana aja, ovala yunifolomu, anapeza mbava zitatu zikukankha galimoto yothawira kukwera chitunda, thukuta lili kamukamu, mlonda akuwathandiza ndi dzanja limodzi.

Ku polisi, mwini sitolo ya matayala anakhuthula thumba pa tebulo. Ananyamula katalitiki imodzi, n'kuisuzumira ngati chitoliro, diso lake n'kuonekera mbali inayo. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwana wanga ndi wopenga ngati inu nomwe. Anachunitsa magalimoto onsewa kuti azilira ngati a mpikisano, zisa zonse anagogomola n'kutaya kalekale. Mwaba zitini, abale anga. Zitini zopanda kanthu!"

Wapolisi wina, amene anali atagwada panja kusuzumira kunsi kwa kagalimoto ka mazira, analowa akupukuta mawondo. "Katalitiki yeniyeni pa nkhani yonseyi inali imodzi yokha," anatero, "ndipo ndi imene mwaiwotchayi."

Dilu sanaseke nawo. Anangoyang'ana pakhomo.

Mayi a mazira anafika Lolemba m'mawa. Anayamba azungulira galimoto yawo pabwalo la polisi, akusisita penti yotupa ndi moto. Anasuzumira mkati, n'kumatula tepi yakuda ija pa dashibodi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa.

"Mayi a mwana," anayamba Dilu atagwira zitsulo za chitolokosi, misozi ili lendelende, "ndinkafuna ndikudabwitseni. Inali dilu yoti..."

"Mwandidabwitsa, bambo."

Sanakuwe, sanatukwane. Anatembenukira kwa wapolisi wa pa kauntala n'kuika chikwama chakuda patsogolo pake, chomanga bwino ndi chingwe cha mathileyi a mazira.

"Achimwene, chikwama cha bambowa. Ndinawalonjeza kuti chidzawapeza komwe ali."