Mpando Wanga Wodulidwa Miyendo

Amuna anga, omwe aliyense ankangowatchula kuti a Timipando, sankapereka mpando kwa mwana asanaukhalire okha. Tsono taganizani: munthu wake anali chimphona, polowa pakhomo ankachita kuwerama, pomwe timipandoto tinali tolekeza m'mawondo mwa mwana wa zaka zitatu. Akakhalapo, mawondo ankafika m'makutu. Ankagwedezeka uku ndi uku, nkhope ili gwa ngati dokotala, kenako n'kunena kuti, "Wanyamula ine, ndiye kuti wakhoza mayeso."

Anali kalipentala. Bungwe lina lothandiza sukulu za mkaka za kumidzi linkawabweretsera matabwa, iwo n'kumakhoma mipandoyo ulere. Loweruka lililonse ankamangirira timipando khumi panjinga, ulendo kumidzi komwe galimoto ya bungwelo inkabwerera panjira. Poti ana sadziwa kuwerenga, kunsi kwa mpando uliwonse ankagobako chizindikiro cha mwini wake: uyu nkhuku, uyu basi, uyu supuni.

Ine mkazi wawo, telala, zaka makumi atatu ndinkasoka nditakhala pandowa yovundikira.

Ndisakubiseni, ndinali ndi nsanje. Anzanga ankadandaula za akazi akumbali, koma ine olimbana nawo anga anali ana a mamina. Mkazi mnzako ukhoza kumulalatira. Nanga kamwana kosatha n'kumanga komwe nsapato ungakatani?

"Bambo, mpando wanga uja uli pati?"

"Uli m'mutu muno, mayi. Wangotsala kutuluka."

"Ndiye ndizikhala pamutu panupo?"

"Dikirani kaye. Wa nkhuku uja watalika, mpando wake wamuchepera."

Msinkhu wa wa nkhuku ankaudziwa pamtima, koma tsiku lomwe tinakwatirana ankachita kufunsa kwa ine.

Tsiku lina apongozi a mwana wathu anabwera kudzationa, atavala suti. M'nyumba munalibe pokhala, ndiye amuna anga anatulutsa timipando tomwe tinkadikira Loweruka. Apongoziwo anakhala, koma kudzuka kunakanika, mpaka anthu awiri anachita kuwakoka. Ine manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Amuna anga anangowerama n'kufunsa mwaulemu kuti, "Pepani apongozi, simunamve kugwedera mwendo wakumbuyowu?"

Nditawopseza kuti ndipita kwathu, mpando unatuluka m'mutu muja. Unali wokongola, wotsamira, wokhala ndi poika mikono, ndipo kunsi kwake anagobako sizasi. Ndinaukhalira masiku atatu. Ndinkasokera pakhonde dala kuti odutsa andione.

Tsiku lachinayi kunabwera mphunzitsi wa kumudzi wakutali kwambiri. Anati kuli kamtsikana kofooka msana, kamagwa pa timipando wamba, ndipo mayi ake akuti kazingokhala pakhomo. Matabwa a bungwe anali atatha, ena ankayembekezeka mvula ikatha. Ndinaona maso a amuna anga akuyenda pang'onopang'ono mpaka kudzaima pamene ndinakhala.

"Musayerekeze," ndinatero.

"Ine ndayankhula?"

"Maso anuwo ayankhula."

Ndinapita kumsika kukagula ulusi. Pobwera ndinapeza mpando wanga palibe, zidutswa zinayi za miyendo yake zitandandalikidwa bwinobwino pakhonde, ndowa yanga itatsukidwa, itabwerera pamalo pake. Ndinawanyanyalira sabata ziwiri. Khushoni yotchingira kamwanako m'mbali ndinasoka ndine, koma musanditamande: ndinangoopa kuti anthu anganene kuti mpando wanga ndi wosakhalika.

Amuna anga anatisiya chaka chatha, atadwala masiku ochepa. Pamaliro vuto linali lomwe lija, pokhala panalibe. Ndiye aphunzitsi anabwera ndi timipando pangolo, kuchokera m'midzi isanu ndi iwiri. Akuluakulu a bungwe, abusa, ngakhale apongozi aja, onse mawondo m'makutu. Ndinaseka misozi ili chuchuchu, moti ena anayesa ndasokonezeka.

Ine anandipatsa wotsamira. Khushoniyo ndinaizindikira, koma ndinapisabe dzanja kunsi, zala n'kukhudza sizasi uja. Chapafupi panali kamtsikana kali pamiyendo pa mayi ake. Sikankayang'ana bokosi ayi, kankayang'ana ine. Patapita nthawi kanandikoka nsalu.

"Agogo, mukamaliza kulira mundibwezere. Ndi wanga umenewo. Uli ndi sizasi."

Ndinafuna kukafunsa kuti sizasiyo kankaganiza kuti ndi ya ndani. M'malo mwake ndinadzuka, mayi ake n'kukakhazika, ndipo kanakhala mowongoka ngati mwini nyumba.

Masiku ano Loweruka limangofanana ndi masiku ena. Kulibe kulira kwa sowo, kulibe njinga yolira kwekwe ikutsika ndi timipando, ndipo utuchi womwe ndinkautukwana posesa ndimaupeza m'ming'alu mokha. Ana anga akufuna kundigulira mpando wa m'sitolo, ine ndikukana, poti palibe woti ayambe waukhalira.

Nsanje ija sinathe. M'mawa uliwonse kamtsikana kaja kamakhala pa chinthu chokhacho chomwe amuna anga anapangira ine. Ine ndinatsala ndi miyendo.