Kupita ku Mathithi ndi Alamu Anga

Lolemba

Alipo ponyamuka: ine, alamu anga a Gerevazio, ndi mayi akunyumba a Nabanda, amene angoima pakhomo n'kumamwetulira.

Cholinga: kutsata mtsinje kuchokera kuno ku Mpingu mpaka ku mathithi a ku Dzalanyama. Kuchipatala ati maso anga akuchita ng'ala. Ndikufuna ndiwaone madziwo akugwa ndisanayambe kuona utsi wokhawokha. Lamulungu ndikhale nditabwerako, mdzukulu akubatizidwa.

M'chikwama chakumsana: bulangete, ufa, usipa, mchere, machesi, kapoto. Chopepuka bwino.

A Gerevazio ndawatenga chifukwa anakulira m'mbali mwa mtsinjewu. A Nabanda akuti, "Njira akuidziwadi achimwene angawo. Koma nayo njirayo ikuwadziwa."

Dzuwa lisanafike pamutu tili pamudzi wa azakhali awo. "Tingopereka moni, alamu." Moni wake: mphasa, thobwa, nkhuku yophedwa. Mkamwini sakana chakudya cha kuchikazi. Tagona pomwepo.

Lachiwiri

Potsazika, azakhali alowetsa maungu awiri m'chikwama changa. Kukana n'kunyoza.

Mtsinje ukuyenda mwaulemu pakati pa bango ndi madimba. Miyendo ili bwino. Ndikuyamba kuimba chamumtima.

Padooko mayi wina wochapa akuweramuka. "Kodi si a Gere awa?" Mwana wa amalume awo. Akuti tikapitirira osaona amalumewo, nkhani ikafika kwathu ife tisanafike.

Nkhuku yachiwiri. Mtedza ndowa yatheka, m'chikwama changa. A Gerevazio anyamula ndodo yokha, ati msana wawo ndi wa mankhwala.

Lachitatu

Nzeru yanga: tiwoloke, tidzere tsidya linalo kumene kulibe abale. Alamu angoti, "Chabwino," akuyang'ana kumbali.

Tawoloka, buluku pamutu, madzi ozizira mpaka m'chiuno, miyala yoterera. Nsapato imodzi yanyowa.

Tsidyalo ndi kumene a Gerevazio anakwatira koyamba. Ukwati unatha kalekale, moni sanathe. Apongozi awo akale akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ku mathithi mukakumana ndi ndani, bambo?" Ndati palibe, ndikungofuna kukaona madzi. Atuma mtsikana akanditungire m'kapu.

Nkhuku yachitatu. Mphatso: nzimbe zinayi ndi tambala wamoyo.

Lachinayi

Lero ndiye ulendo! Nyumba palibe. Mtsinje wasintha khalidwe, ukuthamanga pakati pa matanthwe, ukuchita thovu. Mitengo ya masuku, anyani pamwamba pa mwala, njira yokwera yokhayokha.

Chikwama chikundikokera kumbuyo. Tambala ali m'khwapa, wandijompha kawiri. Ndapempha kuti tiphike dzungu limodzi katundu apepuke. Alamu akuti, "Amenewo atumizira alongo anga. Mukafuna, mukawafotokozere nokha." Taphika usipa.

Tagona pansi pa thanthwe. Bondo likupweteka, koma mtima uli mbee. Palibe amene watipatsa moni tsiku lonse.

Lachisanu

M'mawa, mphepo ikachokera kumapiri, kukumveka mkokomo ngati mvula yakutali. Alamu akuti ndi mathithi omwewo.

Mudzi womaliza nkhalango isanayambe. Panjira aika masamba. Maliro. Tavula zipewa, ndikuyenda mwakachetechete, maso pansi, n'kumapemphera kuti pano tikhale alendo.

Ayi ndithu. Omwalirawo ndi a Banda, agogo amene anawabereka kumbuyo a Gerevazio ali khanda. Tatsitsa katundu. Ufa wanga ndi tambala zapita ku chipepeso. Maungu ayi, ali ndi mwini wake.

Kuika ndi mawa, akudikira mwana wawo wa ku tauni.

Loweruka

Kumanda. Nyimbo ikatha, ina isanayambe, mathithi akumveka bwinobwino. Mkulu wina wondiyandikira akunong'ona kuti ali kuseri kwa phiri ilo, kupita n'kubwera ndi theka la tsiku. Iye sanapiteko. "Kukatani, bambo?"

Mwambo watha dzuwa litapendeka. Lole imene inabweretsa bokosi ikubwerera kumsewu wa kwathu pompano, ndipo ina kulibe mpaka sabata yamawa. Ndaima pang'ono, ndayang'ana phirilo. Ndikuliona mbuu, sindikudziwa ngati ndi nkhungu kapena ndi maso angawa.

Ndakwera. Alamu akhala kutsogolo ndi dalaivala, nayenso ndi mbale wawo.

Lamulungu

Ubatizo wayenda bwino. Ndakhala pabenchi yakutsogolo, ndipo pamene abambo mfumu amathira madzi pamutu pa mwana ndinasendera pafupi. Ndawaona akugwa, dontho lililonse. Ochepa, koma ndawaona.

A Nabanda alandira maungu awo, awagogoda ndi chala, ati ndi okhwima. Kenako: "Nanga mathithi aja, bambo?" Ndati ndawamva. Akuti chaka chamawa adzandiperekeza okha, iwo abale awo amadziwa kuwayankha akuyenda. Kaya maso adzadikira.

Azakhali, amalume ndi apongozi akale aja onse atumiza mawu kuti abwera pa Khirisimasi kudzabweza ulendo. Nkhuku zimene atiphera: zitatu. M'khola mwathu muli imodzi. Zatsala ziwiri.