Karoti Anandichotsa Kutsogolo kwa Mpingo

Pali zopusa zina zimene munthu umaulula kwa Mulungu yekha, koma changachi mpingo wonse wa kwathu ku Chilomoni unachiona ndi maso. Palibe chobisa.

Zinali zaka zija matipate atangobwera. Ine ndinali nditawerenga Mawu kutsogolo kwa mpingo kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo akulu ampingo anandisankha kuti ndidzawerenge pa tsiku lotsegulira tchalitchi chatsopano, chimene njerwa zake tinaumba ndi manja athu. Sindinalakalakepo udindo wina uliwonse pansi pano. Ndinkafuna chimenechi basi.

Koma maso anali atayamba kundithawa. Zilembo zinkayenda ngati nyerere, ndipo Baibulo ndinkaligwirira patali mpaka mkono kutha. Lamulungu lina ndinadumpha mzere wathunthu. Titatuluka, mlembi wa mpingo, a Matewere, anandikokera pambali.

"Achimwene, kaguleni magalasi. Kukula si tchimo."

"Amene anapanga diso sangalephere kulikonza," ndinatero. (Sichinali chikhulupiriro chimene chinkayankhula. Ndinkaopa kuoneka nkhalamba.)

Sabata yomweyo mayi a kunyumba anapita ndi mdzukulu wathu ku sikelo. Pobwera anafotokoza kuti anamwino anadula kakapisozi n'kumudonthezera mwanayo m'kamwa. Akuti ndi vitamini A, woteteza maso, ndipo amapezekanso mu karoti, maungu ndi mapapaya. Ine ndinangoti pemphero layankhidwa. Ndinakumbukira anyamata aja a ku Babulo amene anakana zonona za mfumu n'kumadya zamasamba, koma n'kuoneka bwino kuposa anzawo onse. Kunali kutatsala miyezi iwiri kuti tchalitchi chitsegulidwe.

Ndinayamba ndi makaroti atatu m'mawa. Sabata yachiwiri zilembo zinali zikuyendabe, ndiye ndinati chikhulupiriro changa chachepa, ndiwonjezere: karoti ku ntchito m'malo mwa sikono, maungu masana, papaya lathunthu madzulo. Kenako ndinayamba kusinja karoti mu mtondo n'kumamwa madzi ake. Mayi wogulitsa pamsika akandiona patali ankayamba kulongedza moni asanapereke.

"Bambo a Tiyamike, kodi m'nyumba muno tayamba kuweta mbira?" anafunsa mayi a kunyumba.

Ndinawauza kuti asakhale ngati mkazi uja amene anauza mwamuna wake wazilonda kuti atukwane Mulungu. Anangoti, "Chabwino," mawu amene pa zaka zonse za banja lathu sanatanthauzepo chabwino.

Sabata yachisanu, ndikusamba m'manja, ndinaona zikhatho zasanduka zachikasu. Ndinapaka sopo, ndinakhula ndi mwala, osachoka. Utotowo unatsikira ku mapazi, unakwera m'mbali mwa mphuno. Ku ofesi mnzanga anatembenuza dzanja langa n'kunena kuti, "Akulu, ndale zakulowani chonchi? Anzanu amangovala nsalu."

Kutchalitchi kunalibe woseka. Pakhomo, pamene timagwirana chanza potuluka, anthu anayamba kundipatsa nsonga za zala. Ndinali nditawondanso, poti zakudya zina ndinazisiya, ndipo masiku amenewo munthu akawonda n'kusintha khungu, anthu ankaganiza za matenda amodzi okha, aja osatchulidwa dzina. Maliro tinkaika pafupifupi sabata iliyonse. Amayi a mpingo anabwera kudzandipempherera, ena akulira, akuyang'ana mkazi wanga ngati wamasiye kale. Ananditengera mapapaya.

Kenako anabwera a Matewere. Anakhala pamphepete pa mpando, chipewa chili m'manja.

"Akulu ampingo aona kuti mupume kaye. A Likoswe adzawerenga."

Atachoka ndinakhala pakhonde. Ndinafunsa Ambuye chimene ndinawalakwira, ine amene ndinadya zonsezi chifukwa cha Mawu awo. Mkazi wanga sanadikire yankho. Anandikokera kwa Mayi Nyirenda, namwino wa ku Rumphi amene ankakhala mzere wathu womwewo.

Mayi Nyirenda anandikoka chikope. "M'maso ndi moyera. Si matenda a chikasu amenewa. Adada, mukudya chiyani?"

Mkazi wanga anandiyankhira, ndipo sanasiyeko kanthu.

Mayi Nyirenda anaseka mpaka kugwira tebulo. Kenako anafotokoza. Vitamini ameneyu, akuti, ali ngati mafuta, sasakanikirana ndi madzi, choncho sayenda yekha m'thupi. Mu tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi muli timapuloteni tonyamula. Kalikonse kamamugwira m'kathumba kake, n'kukamupereka kumene akufunika, kapena kukamusungitsa m'chiwindi. Chiwindicho chimatumiza ku diso mwa muyeso, osati mmene mwini wake akufunira.

"Kamanyamula mmodzi mmodzi, adada. Si minibasi ya ku Chilomoni yoti anayi anayi. Thupi likakwanira limaleka kusandutsa karoti wanuyo kukhala vitamini. Utoto wake umangokaunjikana pakhungu. Siyani, usuluka wokha."

"Nanga maso?"

"Maso anu alibe njala. Akula."

Anavula magalasi awo, a mafelemu apinki, n'kundiveka. Anandipatsa nyuzipepala. Zilembo zonse zinaima chilili ngati asilikali, mpaka tating'ono ta pansi penipeni. Misozi inalengeza, ndipo sinali ya chimwemwe.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Matewere. Anamvetsera mwaulemu, anapepesa, anayamika Mulungu kuti sindikufa. Koma pulogalamu inali itasindikizidwa kale, ndipo a Likoswe anali atasoketsa suti.

Pa tsikulo ndinakhala benchi lachisanu ndi chimodzi, manja ndili nditawabisa pakati pa mawondo, poti anali asanasuluke. (Ndivomere kuti ndinadikira kuti a Likoswe apunthwe pa dzina lina lovuta. Ndinalapa.) Anakwera kutsogolo, anatsegula Baibulo, anapisa m'thumba la suti ija, n'kutulutsa magalasi. Anawavala pamaso pa mpingo wonse ndi alendo omwe, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Anawerenga bwino kwambiri.

Tchalitchi sachitsegulira kawiri. Mulungu anali atanditumizira yankho msanga, kudzera pakamwa pa mlembi, koma ine ndinkafuna yankho lofanana ndi chozizwitsa. Anatsutsa odzikuza monga analonjezera, ndipo sanafunike moto kapena chigumula. Msika wa Chilomoni unakwanira.