Mlembi wa paki ya m'dambo

Kusukulu kwathu aliyense amadziwa kuti ine sindiyankhula. Koma tsiku limodzi lokha limene ndinatsegula pakamwa pagulu, ndinatsala pang'ono kuwachotsetsa amayi anga pamsika.

Zinayamba a wapampando wa chipani m'dera lathu atapita ku Blantyre n'kukaona paki. Pobwerako mtima sunakhale m'malo. Anati nafenso pa Mwanza tikhale ndi yathu: kapinga, maluwa ndi mabenchi, anthu azipumulapo. Malo anali atasankha kale, kadambo kakuseri kwa msika. Chinangotsala n'kufunsa anthu maganizo (kwathu kuno maganizo amafunsidwa zikhomo atakhoma kale).

A hedi a kusukulu kwathu anandisankha kukhala mlembi wa msonkhano wofunsa maganizowo chifukwa cha dzanja langa, lomwe ndinalizoloweretsa m'kakope kamene ndimalembamo za tsiku lililonse. Anandipatsa kope latsopano. "Uzilemba chilichonse chimene munthu anene, ndi dzina lake lomwe. Wamva?" Ndinagwedeza mutu.

Pamsonkhanopo ndinachita manyazi kukhala patebulo la akuluakulu, ndiye ndinakadzipanikiza kumbuyo, pafupi ndi amayi. Apa ndiye ndinapalamulira. Kutsogolo kumamveka m'manja ndi nthungululu. Kumbuyo kumamveka zina, zapansipansi. Ine ndinalemba zonse mosamala, n'kudula mzere ndi rula.

Patatha sabata kunabwera bwana wina wa ku ofesi ya boma kudzaona malowo, ndipo anthu tinasonkhananso. A wapampando anavala jekete lawo la misonkhano.

"Bwana, pano ine sindinalamule kanthu. Zonse n'zochokera kwa anthu," anatero. "Mwanawe, imirira uwerenge. Usadumphe ngakhale liwu limodzi."

Tsono mudziwe kuti ine ndikamawerenga pagulu sindidzutsa mutu. Maso amamatirira papepala. Ndinamva pambuyo pake kuti a hedi anatsokomola, anakupiza chipewa, mpaka anagwetsa mpando dala. Sindinaone chilichonse.

"A wapampando anati paki idzakongoletsa dera lathu. Anthu anawomba m'manja."

"Mwamvatu, bwana," anatero eniakewo.

"A Sumani a pagolosale anati: tikanayamba takumba chimbudzi cha pamsika, munthu sapumula pabenchi m'mimba mukuwira."

"Ndimanena chimbudzi cha kwathu, bwana," anafulumira a Sumani, mawu atawonda.

"A Nabanda a zitumbuwa anati: maluwawo azithirira ndani, a wapampando kapena ana athu omwewa?"

Panali zii. (Ine ndinkayesa anthu akumvetsera chifukwa ndikuwerenga bwino.) Ndinatembenuza tsamba, ndipo pamwamba penipeni panali dzina la amayi anga, lolembedwa bwino kuposa ena onse.

Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Amayi amagulitsa manachesi pakhomo lolowera mumsika, pamthunzi, pamene aliyense wotsika basi amadutsa. Wogawa malo ndi a wapampando omwewo. Mayi wina amene anawayankha chaka chatha akugulitsira kudzala, kumene amabwera kudzaona katundu wake ndi ntchentche zokha.

"Wasiyiranji? Pitiriza," anatero a wapampando.

Ndinaphimba dzinalo ndi chala, mawu a amayiwo n'kuwawerenga ngati anga. "Ine ndinati: pamalopa pamadikha madzi. Mvula ikagwa odzapumulapo ndi achule, ndiye tikawafunse iwowo kuti mabenchi akuwafuna aatali bwanji."

Bwana uja anatseka kukamwa ndi kampango, mapewa akugwedezeka. A wapampando anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe? Iwe amene munthu akakupatsa moni umakanda pansi ndi chala chakuphazi?"

"Ndine ndemwe."

Amayi anaimirira, anamanga bwino chitenje, nkhope ili gwa. "Pepani, a wapampando. Mwana ameneyu pakamwa potere sindikudziwa kuti anatengera ndani."

Kope anandilanda pomwepo (mwayi wake a wapampando sakonda kuwerenga okha). Funso la a Nabanda linayankhidwanso tsiku lomwelo: wothirira maluwa anapezeka, ndine. Azibambo anawumba njerwa za mabenchi, anzanga anadzala kapinga, tsiku lotsegulira kunavinidwa magule. Ine ndikaweruka, chitini pamutu, ulendo wa kuchitsime kasanu, chilimwe chonse. Anzanga ananditcha Nachule. A Sumani mpaka lero ndikakagula sopo amandipatsa ali chete, pakamwa atatseka ngati ndabwera ndi cholembera. Koma amayi, madzulo a tsiku la msonkhano wachiwiri uja, anandisendera okha nachesi lalikulu lija amaika pamwamba pa mulu lokopera ogula.

Mvula inagwa mu Disembala. Pofika Januwale mabenchi ankangooneka misana, maluwa anga onse anamira, ndipo achule anabwera ndi abale awo omwe. Amayimba ngakhale masana. A wapampando tsopano akuuza aliyense kuti iwo anachenjeza kuyambira pachiyambi, koma anthu ndi amene anakakamira malowo.

Loweruka likudzali kuli msonkhano wofunsa maganizo a kumene tingasamutsire paki. Zikhomo ndaziona kale, zili kuseri kwa chigayo. Mlembi asankha wina, ndipo a hedi andilangiza kuti mlembi wabwino amamva ndi khutu limodzi, loloza kutebulo. Ndamva ndithu. Ndikakhala kumbuyo komwe kuja, pafupi ndi amayi, kakope kanga kali m'chitenje.